Kapumbwa M'chipewa cha Mwana

"Za mbalame tikamba pambuyo, ine ndikufunsa za chipewa," anatero amake Dingani. "Apongozi, chipewa ichi munachibisa kuti masiku onsewa?"

Dingani Daka anaima pakhomo la khitchini, sopo akadali m'khutu. Mkazi wake Winifred anali atakhala pakampando, katoni ya nsapato ili pamiyendo, manja onse awiri ataiphimba. Amayi ake anali chiimire, atagwira kachipewa koluka kachikasu ndi zala ziwiri, kutali ndi thupi lawo. Kachipewako iye anakadziwa msanga. Anakagula yekha kumsika wa Kamwala mimba ya mkazi wake itayamba kuoneka, ndipo mayi wogulitsa anamuseka kuti azibambo a masiku ano manyazi anawataya.

Mwana woti avale chipewacho anabadwa wakufa, ndipo chichitikire zimenezo mwezi unali usanathe. Amake Dingani anachokera ku Katete kudzasambitsa mdzukulu, koma anafikira kukamuika. Kwawo mwana wotere amati mtayo, ndipo mtayo saulira, saupatsa dzina, kumanda sikupita bambo kapena make. Dzina awiriwo anali atasankha kale, Delight, koma chichokere kuchipatala palibe analitchula. Winifred pobwerera kunyumba kwawo ku Chelstone anapeza bafa la mwana, matewera ndi mashawelo zonse zitachotsedwa. Chipewa chokhachi ndicho chinapulumuka, ndipo lero chinali chagwidwa.

Chimene chinachiulula ndi kamwana ka pumbwa. Mvula yamphepo inagwetsa chisa mumtengo wa mango, ndipo m'mawa Winifred anakapeza kambalameko pafupi ndi ngalande, kali nyowe, nyerere zitayamba kale kukayendera. Nthenga zinali zisanamere bwino, kanali mimba ndi kukamwa basi. Anakatola, n'kukaika m'katoni, n'kukayalira chinthu chofunda chokhacho chimene mtima wake unamuuza.

"Kanali kuzizidwa, amayi," anatero Winifred, maso ali pansi.

"Zinthu za mtayo sasunga m'nyumba, apongozi. Mukazisunga mumatsekera njira mnzake wobwera pambuyo. Misozi nayonso chimodzimodzi, n'chifukwa chake ndinakuletsani kulira. Sindinayambitse ine zimenezi, ndinazipeza. Galu wamkota sakandira pachabe."

Kenaka anatembenukira mwana wawo n'kumuuza kuti ngati iye ndi mwamuna m'nyumba muno, chipewa chichoke ndipo mbalameyo aiponye kuseri kwa mpanda, mphaka wa aneba adziwe chochita. Dingani anali munthu wamtendere, mtendere uja wa munthu woopa amake. Anakanda m'mutu, anatsokomola, kenaka anagawa mlandu pakati: mbalame ikhale, chipewa chipite. Anakatenga sokosi yake yakale n'kuiyala m'katonimo, akudziona ngati woweruza wanzeru. Amayi ake anapinda kachipewako n'kutuluka nako. Winifred anangomuyang'ana mwamuna wakeyo kamodzi, ndipo tsiku lonselo Dingani chakudya sichinamukomere.

Komatu kambalame kaja kanachita zimene mapiritsi a kuchipatala ndi mapemphero a amayi a chigwirizano analephera. Winifred, amene ankagona chopenya kukhoma mpaka masana, anayamba kudzuka kusanache. Ankakanya papaya wakupsa m'kasosala, n'kumatapa pang'onopang'ono ndi kamtengo ka machesi. Akangogogoda pakatoni, kakhosi kankatuluka, kukamwa yasa, kakunjenjemera thupi lonse ndi dyera. Kakameza kankatembenuka n'kudzithandiza, iye n'kupukuta mosanyansidwa. Pakapita kanthawi kochepa kankaliranso, ndipo iye ankasiya chilichonse chili m'manja. Poti wodyetsa mnzake amayenera kukhala ndi mphamvu, nayenso anayamba kumaliza phala lake.

Dingani ankabwera ndi papaya kuchokera m'tauni tsiku ndi tsiku, mpaka anzake a ku ofesi anayamba kumufunsa ngati adokotala amuletsa nyama. Tsiku lina madzulo mvula itakata, inswa zinatuluka n'kuzungulira getsi la pakhonde. Munthu wamkulu, tayi ili m'khosi, anayamba kudumphadumpha ndi beseni la madzi, kuwakha inswa ngati mwana wa sukulu. Anaterereka n'kukhala pansi phwatha! m'matope. Kuseri kwake anamva chinthu chimene anali ataiwala kamvekedwe kake: mkazi wake akuseka. Anakhala dala m'matopemo kuti kusekako kusathe msanga.

Anathothola mapiko a inswazo limodzi, mitu itagundana pamwamba pa katoni. Winifred anamuonetsa kagwiridwe kake, kuti asakathire madzi kukamwa poopa kuti kangatsamwe, ndiponso kuti manja aziyamba wawafunditsa m'khwapa. Dingani atakanyamula anamva kamtima kakugunda m'chikhatho chake, mofulumira kwambiri. Anafuna kunena kanthu kokhudza mwana wawo, koma amayi ake anali m'chipinda chochezera, chitseko chili chotsekula, choncho anangofunsa ngati papaya watsala.

Make wa kambalameko sanapite kutali. Kuyambira m'mawa ankatera pampanda wa njerwa moyang'anana ndi windo la khitchini, akulira, kachiwala kali kukamwa. Akauluka ankabweranso. Kamwanako kakamva kankayankha m'katoni, ndipo phokoso lake linkawasowetsa mtendere amake Dingani, amene ankatuluka ndi tsache kukaiingitsa.

"Isiyeni, amayi," anatero Winifred tsiku lina, Dingani akumanga nsapato pakhonde. "Ikulira mwana wake. Yalira chiyambire tsiku lija, ndipo palibe waiuza kuti ikalira siidzaikiranso mazira."

Tsache linatsika pang'onopang'ono. Amake Dingani analowa m'nyumba n'kuyamba kutsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Musawaone ngati mayi wankhanza, ayi. Ndi iwo omwewo amene ankamutenthetsera Winifred madzi osamba, ndi iwo amene anamumanga mabere ndi chitenje pamene mkaka unabwera osadziwa kuti woyamwa kulibe. Mimba ili yaikulu ankamuseka kuti, "Posachedwapa ndisiya kukuitanani apongozi, mukhala amake uje ngati anzanu onse a mumsewu uno." Ankamukonda mpongozi wawo, ndipo chikondi chomwecho ndicho chinkawachititsa mantha. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti msozi umodzi wokha ukhoza kuumitsa mimba ya mtsikanayu mpaka kalekale.

Choncho tsiku lina Dingani akuchokera kuntchito, amayi ake anamukokera kuseri kwa nyumba kumene ankayanika zovala. Anamuuza kuti amayi a kutchalitchi amene anabwera kudzacheza anamupeza Winifred akuimbira mbalame nyimbo yogonekera mwana, ndipo anatuluka akutsinana. Mawa nkhani ikhala ili pamsika kuti mkazi wa Daka mutu wasokonekera.

"Mbalame ija si mbalamenso, Dingani, waisandutsa mwana uja. Ikakhala muno sadzaiwala, ndipo akapanda kuiwala tsiku lina adzalira. Madzi akatayika sawoleka, mwana wanga, chanzeru n'kuteteza mtsuko. Mawa popita kuntchito uitenge, ukaisiye patchire kutali. Adzakwiya masiku awiri, koma chaka chamawa adzakuthokoza ali ndi mwana kumsana. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

Dingani anavomera. Nayenso ankafuna mwana, ankaopa miseche, ndipo koposa zonse anali asanaphunzire kuwauza amayi ake kuti ayi.

M'mawa mwake anadikira kuti Winifred alowe m'bafa. Madzi atayamba kumveka, ananyamula katoni ija, chikwama cha kuntchito kuphewa, n'kutuluka pageti mwakachetechete ngati mbala ya m'nyumba yake yomwe. Sanayende patali, pumbwa uja anamuona. Anauluka kuchoka pampanda wawo n'kutera pampanda wa aneba, kuchoka apo pawaya wa magetsi, akumutsatira ndi kulira. M'katonimo kamwana kanayamba kuyankha. Anthu opita kuntchito ankamucheukira bambo wovala bwino amene mbalame ikumulondola mumsewu.

Anafika pamphambano pamene mayi wina amakazinga zitumbuwa. Minibasi inaima, kondakitala n'kutsegula chitseko: "Tauni, ba bosi, tiyeni!" Dingani anakweza mwendo umodzi, n'kuima. Katoniyo inali yopepuka kwambiri m'khwapa mwake, ndipo kupepukako kunamukumbutsa benchi ya panja pa wodi. Anakhala pamenepo m'mawa uja pamene amayi ake ndi azimayi ena awiri anadutsa ndi kamtolo ka chitenje, kakang'ono ngati katoni yomweyi. Anamuuza kuti ayang'ane kumbali, ndipo iye anayang'anadi kumbali. Kondakitala anamukalipira kuti ngati sakwera asachedwetse anthu. Dingani anatsitsa mwendo uja n'kubwerera.

Anamupeza Winifred ataima pageti, chitenje chili m'chifuwa, madzi akudontha m'tsitsi. Sanakuwe, sanatukwane. Anayang'ana katoniyo, kenaka mwamuna wake.

"Mwadikiranso kuti ndikhale kumbali, eti ba Dingani?"

Iye anamupatsa katoniyo ndi manja awiri.

"Uja ananditengera ndili m'tulo ta mankhwala," anapitiriza Winifred motsitsa. "Podzuka anati wapita kale, usafunse, usalire. Ndinamunyamula miyezi yonse ija, ankandimenya m'nthiti muno mukaika dzanja, koma nkhope yake sindiidziwa. Kumene agona sindikudziwa. Ndiuzeni inu, anafanana ndi ndani?"

"Nanenso sindinamuone, Wini. Anandiuza kuti ndiyang'ane kumbali."

Aka kanali koyamba kuti awiriwa akambe za mwana wawo. Anaima pagetipo, katoni ili pakati pawo, ndipo Dingani anaona mkazi wake akumeza misozi monga anamulamulira. Zinamupweteka kwambiri, ndipo anachita manyazi kuti mwezi wonsewu iye ankathandiza nawo kumutseka pakamwa. Tsikulo kuntchito sanapite.

Winifred ndiye anaganiza zoti kamwanako kabwerere kumene make angakafikire. Nthenga zinali zitamera, kankatha kugwira chala ndi timiyendo take. Dingani anatenga kadengu ka tomato, anakamangirira ndi waya panthambi ya mango pamene mphaka sangafike, n'kuikamo kambalameko pamodzi ndi sokosi ija. Amayi ake atatuluka n'kuona kuti mbalame sinapite, anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Kenaka anangoti ntchitoyo njachabe, chifukwa mbalame ikagwidwa ndi manja a anthu make saifunanso.

Anakhala pakhonde onse atatu, aliyense akunamizira kuchita zake. Pumbwa anatera pamwamba pa mtengo, anatsika nthambi imodzi, anabwerera, anatsikanso. Kenaka anangoti tere! pamlomo wa dengu n'kulowetsa kachiwala m'kamwa muja. Winifred anagwira mkono wa mwamuna wake mwamphamvu. Amake Dingani anasiya kusankha nyemba, n'kunena chapansipansi kuti, "Ha, wamudziwa." Tsiku lonselo tsache silinatuluke.

Kuyambira pamenepo analera awiri, pumbwa ndi Winifred. Masana make ankadyetsa, ndipo mitambo ikada Winifred ankatsitsa dengu n'kulilowetsa m'khitchini, m'mawa n'kulibwezera. Kambalameko kanayamba kukwera pamlomo wa dengu, kukupiza mapiko, kudumphira panthambi yapafupi n'kubwerera. Mchira unatalika, pamutu panada. Dingani ankaona kuti tsiku likuyandikira ndipo ankaopa, koma Winifred ankangoti mbalame ndi ya m'mwamba.

Linali Loweruka chakumasana, anthu ambiri ali m'makomo mwawo. Winifred anatuluka ndi kasosala ka papaya, n'kugogoda padengu monga mwa masiku onse. Kambalameko kanatera pachala chake, kanajompha kamodzi, n'kupendeketsa mutu. Make anaitana ali pampanda. Kanagwedezeka, kanagwada pang'ono, ndiye pululu! mpaka pampanda. Kuchoka apo ziwirizo zinauluka limodzi kudutsa denga la aneba, osaonekanso.

Winifred anatsala chala chili m'mwamba. Anatsitsa dengu lija, anayang'anamo, munali sokosi yokha. Anakhala pansi pa mtengo, analikumbatira, ndipo kulira kumene anakumeza mwezi wathunthu ndi masabata ake kunatuluka konse nthawi imodzi. Sikunali kulira kwa munthu wotaya mbalame. Kunali kulira kuja kumene aliyense wokulira kuno amakudziwa akangokumva, kumene kumaimitsa munthu ali pakati pochapa.

Amake Dingani anathamanga kuchokera m'khitchini, manja ali ndi ufa, akumupempha kuti atonthole, akuyesa kumutseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Dingani anagwada n'kuchotsa dzanja la amayi ake mofatsa. Anali asanawagwirepo dzanja motero chibadwire.

"Musiyeni alire, amayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Geti linayamba kulira. Analowa amake Chilufya a nyumba yoyandikana nayo, akumanga chitenje pamwamba pa diresi, kenaka mayi wa zitumbuwa uja, kenaka ena awiri atatu a mumsewumo, mipango ili kumutu. Mumzinda muno anthu amakhala kuseri kwa mipanda osadziwana bwino, koma mfuu ya maliro imadumpha mpanda uliwonse. Pambuyo pawo panabwera ba Mwaba, bambo wachikulire wopuma pantchito, chipewa chili m'manja. Anamutengera Dingani pambali.

"Ba Daka, pepani. Ndani watisiya?"

Amake Dingani anafulumira kuyankha. Anati palibe maliro pano, anthu abwerere, ndi kambalame chabe kamene mpongozi wawo ankaweta, kauluka. Anayesa ngakhale kuseka. Azimayi aja anayang'anana, ndipo Dingani anaona mmene nkhaniyi ikathere: mawa pamsika, mkazi wa Daka analira maliro a mbalame. Anayang'ana mkazi wake ali m'fumbi ndi dengu lopanda kanthu. Anaimirira bwinobwino, ndipo mawu ake anamveka mpaka kugeti.

"Watisiya mwana wathu, ba Mwaba. Mwana wamkazi, woyamba. Anamwalira pobadwa mwezi wathawu, ndipo sitinamulire. Dzina lake ndi Delight."

 Aliyense pamenepo mwambo ankaudziwa, ndipo ba Mwaba anazunguza chipewa chawo m'manja, osadziwa ngati akhale kapena apite. Amene anayamba kusuntha ndi amake Chilufya. Anavula patapata, anakhala pansi pafupi ndi Winifred, miyendo tambalale, n'kuika mutu wa mtsikanayo pachifuwa chawo. Anati iwonso anataya awiri pobadwa, anyamata okhaokha, ndipo mpaka lero akadutsa pafupi ndi manda amayang'ana uku ndi uku osadziwa poyang'ana. Atatero anayamba kulira nawo. Mayi wa zitumbuwa anakhala pansi nayenso, n'kuyambitsa nyimbo ya maliro motsitsa, ena n'kulandira.

"Maliro n'kulirana," anatero ba Mwaba, n'kuika chipewa pawindo. "Tiyeni ba Daka, tigwirizane mipando."

Anayamba kutulutsa mipando ya m'chipinda chochezera n'kuiika pabwalo, monga zimakhalira panyumba ya maliro, kuti azimayi akhale pansi m'katimo. Azimayiwo anamudzutsa Winifred n'kulowa naye. Dingani akunyamula tebulo anapeza kuti nayenso nkhope yake yanyowa, ndipo sanaipukute.

Amayi ake anali ataima okha pakhomo la khitchini, ufa utauma m'manja. Dingani anadikira kuti amukalipire pamaso pa anthu, kapena alowe kukalongedza chikwama cha ku Katete. Analowadi kuchipinda kwawo, ndipo anamva zipi ya chikwama ikutseguka.  Koma potuluka sananyamule chikwama. Anadutsa pakati pa azimayi aja chowerama, anagwada pamaso pa mpongozi wawo, n'kufunyulula kansalu kamene kanali m'manja mwawo. Munali kachipewa kachikasu kaja, kochapidwa, kopindidwa bwino.

"Ndinalephera kukataya," anatero. "Ndipo pamene tinamugoneka ndinaikapo mwala woyera, anzanga aja asakuona. Mtayo wanga wa ku Katete sindinamuikire, ndipo malo ake ndinawataya. Mawa tikatuluka m'tchalitchi tipite, inu ndi bambo wake, ndikakuonetseni. Anali ndi mphumi ya Dingani, tsitsi lambiri ngati lanu."

Winifred anatenga kachipewako n'kukaika kumaso, mapewa akugwedezeka. Mayi wachikulireyo anadikira, misozi ikutsika m'makwinya osaibisa. Kenaka anamugwira paphewa n'kumuitana, mawu ali otsika koma omveka m'chipinda chonse.

"Amake Delight."

Winifred anadzutsa mutu.

"Ine, amayi," anayankha.